Munda wa ku Nakambe

Kantchentche kanaluma Raogo pamwendo atangofika m'mphepete mwa mtsinje wa Nakambe. Anaima chilili, ndodo ili m'manja. Ntchentche zotere ndi zimene zinamuchititsa khungu ali mnyamata, mudzi wonse n'kuthawira kumtunda kwa miyala.

"Talato mwana wanga, ukuti tidzalimenso kuno? Zandiluma kale."

"Kuluma zimalumabe, bambo, koma zilibenso matenda. Achipatala akhala akuziyeza kwa zaka zitatu. Mankhwala opha tizilombo ta matendawa aja sitinkangomwa pachabe."

"Ana akonso ubwera nawo?"

"Ndibwera nawo."

Raogo anasisita polumidwapo. Kenaka anagwada, natapa dothi, nalinunkhiza.

"Likadali lakuda?"

"Lakuda bii."

"Munda wa amayi anga unkayambira pamtengo wa bwemba. Nditengere kumeneko, ndikakusonyeze malire."