Mchira wa Galu pa Juga

Padangokhala, tili tonse, Galu ndi Ng'ona, amene ankakumana patsinde pa mkuyu kutchova juga ya makadi yotchedwa poka. Aliyense amalandira makadi asanu n'kuwabisa. Ukaona kuti ako ndi amphamvu umabetcha, ukachita mantha umawataya, mnzako n'kukokera zonse kwake. Wochenjera amabetcha ngakhale ali ndi makadi achabechabe, bola thupi lisamuulule.

Ng'ona mano ake amangokhala pamtunda, kaya wakondwa kaya wakwiya. Koma Galu akalandira makadi abwino, mchira pukupuku! Ng'ona n'kutaya ake. Akalandira oipa, mchira kumiyendo, Ng'ona n'kubetcha. Galu adadyedwa mafupa, mphasa, mpaka mbale yodyera ana ake.

"Bambo a ana, siyani juga," adadandaula mkazi wake.

"Vuto si juga, mayi. Ndi mchirawu!"

Adatenga chikwanje n'kuudula. Bala lisanapole adabwerera kumkuyu, ndipo ngakhale adalandira makadi oipa, adabetcha nyumba yake kuti amuopseze Ng'ona. Ng'ona sadataye. Adayala makadi ake, nyumba n'kupita.

"Mwadziwa bwanji, achimwene? Mchira ndilibe!"

"Mchira?" Ng'ona adayasamula. "Ine ndimayang'ana makutu anuwo."

Galu adapeza mkazi ndi ana atakhala pa akatundu panja. Sadapepese. Adangogwira khutu lake n'kufunsa kuti, "Chikwanje chija mwaika kuti?"

Nthano yathera pomwepa, koma kumkuyu makadi akugawidwabe.