Woyimba wa mu Katuni ya Moffat

Holo ya vidiyo pa Chonde idadzaza masana a Loweruka, ena mpaka kusuzumira pazenera kuti awonere nawo katuni yatsopano. Millie adakhala kutsogolo pambali pa bambo ake, a Nampuluma, omwe ankangoyang'ana wotchi.

Bambowa adali atanena kale kunyumba: "Fomu 4 wamaliza, ukungosokosa ndi anzako ati bandi. Anthu akapanda kuombera m'manja mawu ako lero, Lolemba ukusenza dengu kukathyola tiyi."

Katuniyo adaipanga ndi Moffat, wokonza mafoni pamsika, zaka ziwiri zathunthu pa laputopu yozima yokha ikatentha. Inkanena za achinyamata atatu oyambitsa bandi ndi gitala ya chigubu ndi ng'oma ya ndowa, ndiye kuti bandi ya Millie yeniyeniyo. Moffat adawajambula mawu masiku atatu, Millie kuyimba mpaka kukhosi kuuma.

Filimu idayamba. Padatulukira katsikana ka mutu ngati dzungu, kampata m'mano ngati Millie yemwe. Kadatsegula pakamwa. Mayo ine, kukoma kwa mawu! Wa chiwaya panja adasiya tchipisi chikupserera. Millie mtima udadumpha. Kani amayimba chonchi? Pompo adaganiza zowachotsa anzake awiri aja, ankangomubwezera m'mbuyo.

Koma m'manja ayi ndithu. Bambo ake nkhope gwa. Millie adapsa mtima. Anthu a pa Chonde nsanje basi!

Kenaka mufilimumo mudadutsa kabaza wopita ku Muloza, atamangirira mbuzi pakaliyala. Mbuziyo idawona bandi, idakweza mutu, nkuyamba kuyimba nawo. Kulira kwake, abale, ngati chitseko chadzimbiri. Holo yonse idagwa nako kuseka, m'manja wawawa, mluzu, ena kugubuduka pansi.

"Bwezani mbuziyo! Bwezani!"

Moffat adaibweza katatu. Millie naye adaseka mpaka misozi, kuposa onse. Mbuzi yopusa bwanji!

Apo a Nampuluma adaimirira, chipewa m'manja, maso ali ndi misozi yachimwemwe.

"Wapambana mwanawe, za tiyi iwala," adatero. Kenaka adatembenukira anthu, akudziguguda pachifuwa. "Oyimba bwino aja ndi mayi ake a Moffat, a kukwaya, tonse timawadziwa. Koma mbuziyo, anthuni, ndi mwana wanga! Mawu amenewo ndimawamva kubafa m'mawa uliwonse!"