Medhat ndi Khomo la Kuseri kwa Akambuku

Panali munthu wina kuno ku Ejipito, dzina lake Medhat, ankagulitsa mankhwala m'sitolo ya apongozi ake. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi msuweni wa mkazi wake.

Medhat anagula kamera yodula. Lachisanu lililonse akangotuluka mumzikiti ankathamangira kumalo osungirako nyama zakutchire kukajambula akambuku akuluakulu amizeremizere aja. Koma chithunzi chilichonse chinkatuluka ndi waya wa mpanda kutsogolo, ndipo anzake a pagulu la ojambula ankamuseka pafoni. "Medhat, iwe umajambula kambuku kapena umatsatsa malonda a waya?"

Mkazi wake Nagwa anaona kuti mawuwo amulowa mumtima.

"Bambo a Rasha, asiyeni aziseka. Inu muzijambula muli kunja kwa mpanda ngati anthu ena onse."

"Anthu ena onse amajambula ndi foni," anayankha Medhat.

"Chilombo chija sichidziwa kusiyana kwa foni ndi kamera."

Lachisanu lina kunatentha kwambiri, moti akambuku sanatuluke m'zipinda zawo. Medhat anaima pampanda mpaka malaya kunyowa. Kenako kunabwera bambo wina atavala ovolosi yobiriwira ya antchito apamalopo, chidebe chili m'manja, akutafuna nthanga n'kumalavula makoko.

"Bwana, kamera ngati imeneyo n'kumapanikizana nayo ndi ana asukulu? Lero satuluka amenewa. Ndipatseni ya tiyi ndikulowetseni kuseri, mukamuone kambuku wamkazi uja maso ndi maso."

"Mumagwira ntchito pompano?"

"Ndamulera ndine, kuyambira ali ngati mphaka. Akamva mawu anga amagona chagada."

Medhat anamufumbatitsa kangachepe. Anazungulira kuseri kwa nyumba ya akambuku, kumene kunalibe munthu. Pakhomo panalembedwa kuti alendo asalowe. Bambo uja sanatulutse kiyi. Anangotokosa loko ndi kawaya mpaka anatseguka.

"Makiyi ali ndi akuluakulu, apita kukadya," anatero.

Mkati munali kanjira kopapatiza konunkha nyama yoola. Mbali imodzi kunali khoma, mbali inayo zitsulo, ndipo pansi anajambulapo mzere wachikasu. Kambuku uja anali atagona pakona. Sanabangule. Anangodzutsa mutu n'kumawayang'ana.

"Chikwama, foni ndi makiyi a galimoto ndipatseni ndikugwirireni, zingakusokonezeni. Mzerewo ndi wa anthu amantha, bwana. Sunthirani pafupi, diso la kamera mulilowetse pakati pa zitsulo."

Medhat atacheuka anaona kuti munthu amene ankati analera kambuku uja wadzipanikiza kukhoma, pafupi ndi khomo.

"Nanga inu mwaimiranji kutali?"

"Ndingakutchingireni kuwala."

Mtima unamuuza kuti atuluke. Koma atayang'ana m'kamera anaona nkhope ya kambuku ili mbee, popanda waya. Anadumpha mzere uja, anagwada, anakulunga lamba wa kamera pamkono n'kuyamba kujambula.

Mwadzidzidzi m'kamera munangotsala khoma. Kambuku sankaonekanso.

"Achimwene, wapita kuti?"

Anangomva chitseko chikutsekeka pang'onopang'ono kumbuyo kwake.

Asanaimirire, phazi la chilombo linatulukira pakati pa zitsulo n'kukola lamba uja. Mkono wonse unakokeredwa mkati mpaka paphewa.

Antchito enieni atamva kukuwa anabwera ndi mitengo ndi paipi ya madzi, koma kambuku sanataye. Mapeto ake anachita kumuwombera kambukuyo ndi mfuti. Bambo wa ovolosi uja anali atasowa kale, pamodzi ndi chikwama, foni ndi galimoto. Panalibe wantchito aliyense ankamudziwa. Ovolosiyo inali yobedwa pachingwe pomwe anaiyanika m'mawa.

Kuchipatala madokotala anadula mkono wamanja wa Medhat m'chigongono. Apolisi anabwera pabedi pomwepo kudzamuuza kuti akachira akayankhe mlandu wolowa malo oletsedwa. Nagwa sanamunene. Anangokhala pambali n'kumamumwetsa msuzi ndi supuni.

Atatuluka m'chipatala, mwana wawo wamng'ono Rasha anayang'anitsitsa mkono wa malaya umene unkangolendewera, n'kufunsa:

"Ababa, ndiye kambukuyo dzanja lanu adzakubwezerani liti?"

Medhat anatembenukira kukhoma.

Phunziro: Mpanda ndi zikwangwani sanaziike kuti akumaneni chithunzi chabwino, anaziika kuti mubwerere kwanu muli athunthu. Musakhulupirire munthu chifukwa cha yunifolomu kapena pakamwa pokoma, ndipo akakuuzani kuti muwoloke mzere, yang'anani pamene iyeyo waima. Anzanu okusekani pafoni sadzabwera kudzakumangani mabatani a malaya. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu onse okonda kujambula, mwina mupulumutsa dzanja la wina.