Mavu a Apongozi

Chiletsereni mankhwala opopera, banja lililonse limaweta mavu pakhonde kuti azikadya mbozi m'munda wa thonje.

Fulakisoni, mkamwini watsopano wokulira m'tauni, analawirira kukonza pakhomo kuti aoneke wakhama. Ataona zisa zikulendewera kudenga, anayatsa udzu n'kuziwaula zonse.

Apongozi ake, a Nachisale, amene mwaulemu ankapatuka m'njira akamuona, anatulukira akuthamanga, n'kumugwira dzanja.

"Mayo ine! Bambo, mwatani?"

"Ndimaopa kuti angalume ana, amayi."

Mayiwo anagwada n'kuyamba kutola mavu opsawo.

"Mbewu ya mavu awa anandisiyira malemu amayi anga." Kenaka anamuyang'ana m'maso koyamba. "Thonje lamasula maluwa dzulo. Nanga mbozizo mukadya ndinu?"