Botolo Nambala Sikisi

Kalata ya ku Blantyre inafika Lachiwiri. Lachitatu m'mawa Mayi Selina Nyamanda anali atakhala kale pabenchi mu ofesi ya Bambo Kaludzu. Mgolo wawo wofiira wa thobwa unali pakona, ataumanga chingwe ngati nawonso ungathawe.

Bambo Blackson Kaludzu anali woyendera za ukhondo wa zakudya mu Mzuzu. Anabwera kuchokera ku Dedza ndi zinthu zitatu: satifiketi, tayi, ndi jagi yadothi yamaluwa, yopakidwa penti yonyezimira kunja ndi m'kati, imene malemu bambo awo anagula ku Joni. Za pamsika sankalawa. Thobwa lawo linali lakunyumba. Akazi awo ankaligoneka m'jagimo, iwo n'kuinyamula m'basiketi m'mawa uliwonse mpaka ku ofesi. Amene wabwera ndi dandaulo ankayamba wamva mbiri ya jagiyo.

Mu Epulo 1983 kunabwera kalata yochokera kulikulu. Inati amayi ena akuphikira thobwa m'migolo imene munali penti, ndipo mu penti muli mtovu. Chitsulo chimenechi sichioneka, sichimveka pakamwa, koma chimapotokola m'mimba ndi kusokoneza mutu. Bambo Kaludzu anakondwa ngati awapatsa mfuti. Anazungulira msika ndi mabotolo asanu ndi limodzi, kutunga thobwa kwa mayi aliyense ndi kumata nambala.

Mayi Selina anali omaliza. Mgolo wawo unali wofiira kuposa yonse, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko.

"Adada, musamange kwambiri chivindikirocho," anatero tsiku limenelo, akutchula thobwa m'Chitumbuka chakwawo. "Chindongwa changa chimapuma."

"Mwayamba liti kuphunzitsa boma ntchito?" anayankha Bambo Kaludzu, n'kuchimanga ndi mphamvu zonse.

Mabotolowo anawapereka kwa kalaliki wawo, Marjorie Chirwa, kuti awatsekere m'kabati mpaka galimoto ya boma yopita nawo ku labotale ya ku Blantyre ipezeke. Inapezeka patatha masabata atatu. Poyamba inalibe mafuta, kenako tayala, kenako inapita kukanyamula amayi ovina kumsonkhano wa chipani. Masiku amenewo mu ofesi munkamveka kafungo ka masese. Marjorie anati mwina ndi khoswe wafera kudenga.

Tsopano yankho linali patebulo. Bambo Kaludzu anavala magalasi, nakonza tayi, nayang'ana chithunzi cha Pulezidenti chapakhoma ngati akupempha chilolezo.

"Nambala wani mpaka faifi, mulibe kanthu. Nambala sikisi!" Anagogoda pepala ndi chala. "Mtovu wapitirira mlingo wololedwa kamakumi anayi. A ku labotale alembanso ndi inki yofiira kuti amene akumwa zimenezi asiye lero lomwe. Nambala sikisi ndi ndani, mayi?"

"Ndine, adada. Kweni mumgolo umu munali mafuta ophikira. Pentiyo ili kunja. Ndinapaka ndekha kuti asandibere kwathu ku Zolozolo."

"Makina sanama, mayi."

"Ana anga asanu anakulira pamgolo umenewu. Wamkulu ali Fomu Fili, wachiwiri chaka chilichonse amakhala nambala wani. Akanakhala poizoni bwenzi akukhoza?"

"Makina sanama. Ine ndemwe, kungonunkhiza mgolo wanuwu tsiku lija, m'mimba simunandisiye mpaka lero."

Zoona zake n'zakuti m'mimba mwa Bambo Kaludzu munkawapotokola kuyambira chaka chimene anafika mu Mzuzu. Poyamba ankati ndi madzi a kuno, kenako mphepo, kenako ankati alipo wina akufuna mpando wawo. Makiyi ankawaiwala pachitseko, ndipo tsiku lina anakalipira mesenjala amene anali atapuma ntchito kalekale. Tsopano anali atapeza wolakwa, ndipo anali pabenchi.

Anathira thobwa la mu jagi m'kapu, namwa theka, napukuta ndevu.

"Ili ndiye thobwa. La pakhomo la munthu wophunzira. Marjorie, taipa. Kuyambira lero malo a Mayi Nyamanda pamsika alandidwa. Mgolo uboledwe pamaso pa anthu onse. Kope lina lipite kupolisi, lina kwa a tcheyamani a chipani."

Za a tcheyamanizo ndizo zinawaopsa Mayi Selina. Za polisi munthu amabwerako. Koma dzina likafika kuchipani kuti ukudyetsa anthu poizoni, ngakhale tomato sungagulitsenso, ndipo mwana wa Fomu Fili uja angobwera kudzakhala pakhomo.

Makina otaipira analira katatu n'kuima. Kunja kunali chifunga cha Meyi, aliyense ali m'juzi, koma Marjorie thukuta linali kamukamu.

"Vuto n'chiyani? Riboni yathanso?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye taipa! Nyamanda, N wamkulu."

Marjorie anayang'ana kabati, nayang'ana Mayi Selina. Mayi amenewa ankamuwonjezera kapu yaulere Loweruka lililonse. Anachotsa pepala m'makina, naimirira, manja kumbuyo ngati mwana wasukulu.

"Bwana, botolo la amayiwa silinapite ku Blantyre. Linaphulika m'kabati sabata yoyamba. Ndinaopa kunena, ndiye ndinatenga botolo lina, ndinalemba sikisi, n'kudzazamo thobwa la mu jagi yanu."

Kapu ya Bambo Kaludzu inaima m'malere, pakati pa tebulo ndi pakamwa. Mayi Selina anadzuka n'kuyamba kumasula mgolo wawo.

"Yewo chomene, adada," anatero. "Makina sanama."