Khasu la a Domingo

"Ine kulira ayi. Misozi anandilanda asilikali pamodzi ndi njinga," anatero a Domingo akulavulira mate m'manja kuti agwire khasu.

Chifikireni pamsasa wa othawa nkhondo kufupi ndi Namwera, atasiyana m'tchire ndi akazi awo a Rozalina, a Domingo ndiwo ankakumba manda a anthu opanda abale. Ankati ntchitoyi ndiyo imawadzutsa m'mawa, ndipo mayiwo akadzafika adzapeza mwamuna wotchuka.

Tsikulo ankakumbira mayi wina amene anatsirizikira panjira, msasa akuuona.

"Ameneyu ndimukumbira chipinda chachikulu, wayenda ulendo wautali. Nelson, kamuyeze msinkhu, ndingamupinde miyendo."

Nelson, mnzawo wochokera mudzi umodzi, anapita ndi bango loyezera. Anachedwako ndithu, ndipo pobwera bango lija analibe. Anatsikira m'dzenjemo n'kugwira mpini wa khasu.

"Watopa n'kuonerera kodi?" anaseka a Domingo.

"Tulukani, achimwene. Mwini maliro sakumba," anatero Nelson chapansipansi. "Alamu afika."

A Domingo anayang'ana chipinda chachikulu chija, khasu linagwa lokha. Asilikali aja, kani, misozi sanatenge yonse.