Kapulana Yoyera Pathanthwe

Panali munthu wina ku Ntengo-Wambalame, dzina lake Avelino, amene pakhonde pake pankakhala mpando umodzi wokha. Mlendo akafika ankauyang'ana mpandowo, mwini wake atakhalapo kale, n'kudziwa yekha kuti nkhani yake ikhale yaifupi. Anandiuza izi ndi mayi wina wa komweko, ndipo akuti zinachitikadi nthawi ya nkhondo.

Avelino anali ndi ng'ombe ndi munda waukulu wa mbatata ya kachewere. Nkhondo itakula, anthu othawa ku Macanga anayamba kufika, ndipo mabanja anagawana nawo pogona ndi chakudya. Avelino anasamuka m'mudzimo n'kukamanga tsidya la mtsinje.

"Ndatopa ndi opempha mchere," anauza mkazi wake Domingas. "Aliyense adye thukuta lake."

Mudziwo unali ndi njira yake yochenjezana. Kuimba ng'oma kapena kukuwa kunali kosatheka, chifukwa anthu a mfuti akanamva. Choncho mabanja ankasinthana kutumiza mlonda kuphiri, ndipo mlondayo ankayala kapulana yoyera, nsalu yovala amayi ija, pathanthwe loonekera kutali. Kapulana ikakhalapo, kunali mtendere. Ikachoka, aliyense ankanyamula ana n'kuthawira kumapanga. Za ulondazi ankapangana pa dima, popuma akatha kulimirana munda.

Avelino ku dima sankapita, ulonda ankakana. "Ine ng'ombe zimandilimira. Kapulanayo ndimaiona ndili pampando pangapa, mwaulere." Analetsanso mkazi wake ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Bertina, mtsikana wongosinkhuka kumene, kuwolokera kumudzi.

Kenaka kunamveka kuti anthu a mfuti adziwa tanthauzo la kapulana. Pa dima anthu anagwirizana zatsopano: kapulana izingokhala pathanthwe nthawi zonse, kuti adaniwo aziyesa kuti sanaonedwe. Pambali pake anaimika nsungwi yaitali. Nsungwi ikagwa, ndiye kuthawa.

Pa dimapo panali mayi wamasiye wochokera ku Chidzolomondo, dzina lake Guilhermina, amene Avelino anam'mana pogona tsiku limene anafika. Iye anafunsa, "Nanga a tsidya aja akawauze ndani?"

"Asiyeni," anayankha amuna ena. "Awauza mpando wawo."

Koma Guilhermina anawoloka.

"Odi, abambo a Bertina!"

"Mchere kulibe."

"Sindinadzere mchere ayi. Ku dima kwatuluka mawu okhudza..."

"Nada! Sindikufuna kumva. Za ku dima zizithera ku dima. Obwera inu ndimakudziwani, mumayamba ndi odi, mumathera m'nkhokwe."

"Ndiye ndilankhule ndi amake."

Avelino anaima pakhomo, n'kumasula galu. Chinsinsi chotere sachita kukuwa, choncho Guilhermina anabwerera, akuganiza zodzam'peza Domingas kumadzi. Mpatawo sunapezeke.

Tsiku lotsatira masana, Domingas akupeta nyemba, anaima n'kutchera khutu.

"Abambo a Bertina, kumudzi kuja kwati zii. Mitondo yaleka. Ngakhale mwana sakulira."

"Tayang'anani kuphiri, amake. Kapulana si iyo? Mantha anuwo adzakudwalitsani." Ndipo anatuma Bertina kukamwetsa ng'ombe kumtsinje.

Nsungwi inali itagwa kalekale.

Anthu a mfuti anapeza mudzi wopanda munthu. Ataona utsi tsidya lina, anawoloka. Anakusa ng'ombe zonse, anamenya Avelino mpaka kulephera kuima, anayatsa nyumba. Thumba la mbatata anam'senzetsa Bertina. Domingas anagwira mwana wake mwendo, koma anthuwo anam'menya mayiyo ndi chitako cha mfuti pamphumi.

"Papa! Papa!" ankaitana Bertina akulowa m'nkhalango.

Avelino anakwawa mpaka m'mbali mwa mtsinje, n'kuyamba kuitana anthu a m'mudzi, aliyense ndi dzina lake, maina amene anali atasiya kuwatchula. Panalibe woyankha. Onse anali kumapanga.

M'mawa mwake anthu anatsika kuphiri. A m'mudzi onse analipo, ndi makanda omwe. Ataona zimene zachitika tsidya, anawoloka popanda wowaitana, ena atasenza mitengo ndi udzu, ena ufa. Guilhermina anatsuka bala la Domingas. Amuna analondola mapazi a ng'ombe mpaka pamene njira inawaopsa, n'kubwerera ndi patapata imodzi ya Bertina.

Mpando uja sunapse. Unali chilili pabwalo, koma palibe anakhalapo. Onse anakhala pansi, Avelino nayenso pakati pawo. Kenaka Avelino anatembenukira kwa Guilhermina.

"Mayi, dzana lija munkafuna kunena chiyani?"

Guilhermina anamuuza za nsungwi. Avelino anayang'ana kuphiri. Kapulana inali pomwepo, yoyera bwinobwino.

Nyumba anamumangira ina, pakati pa mudzi. Ku ulonda Avelino anayamba kupita, ngakhale pa masiku a ena, maso ali kunjira ya kunkhalango. Bertina sanabwerenso.

Phunziro: Chuma chako chingakudyetse, koma sichingakuchenjeze. Mawu opulumutsa moyo amamveka pamene anthu akhalira pamodzi, ndipo nthawi zina amabwera nawo ndi munthu yemwe unam'tsekera chitseko. Usam'pitikitse wa odi usanamve chimene wadzera, ndipo pakhomo pako usasowe pokhala mnzako. Ukawerenga usasunge wekha, tumizira abale ndi anzako, makamaka amene amati sasowa munthu.